A Itenthe Kaye sanabe kanthu

Malemu amene tabwera kudzawaperekeza lero anabadwa pa 14 Okutobala 1957, ali mwana wachitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali kalipentala, mayi awo mlimi. Ambiri mwa inu munkawadziwa kuti a Itenthe Kaye, ndipo nafenso tiwatchula choncho, poti eni akewo dzinali ankalivomera akumwetulira. Abusa, akuluakulu, abale ndi anansi, mutilole titalikitseko pang'ono. Pali mawu amene ayenda ndi dzina la malemuwa kwa zaka khumi ndi zisanu, akuti anachotsedwa ntchito chifukwa cha kuba. Mawuwo anachokera m'banja mwathu muno, ndipo si oona. Tafuna kuti asanatsikire m'manda mumve mmene zinayendera.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1964. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi anamasula wailesi ya bambo awo kuti aone mmene anthu olankhulawo amakwanira m'katimo. Anakwapulidwa, koma m'mawa mwake wailesi inalankhula, ndiponso inasiya kukhosomola kumene inkachita kale. Mu 1972 anasankhidwa kupita kusekondale, ndipo mu 1977 analowa kukoleji ya zaumisiri kumene anaphunzira za magetsi kwa zaka zitatu. Atamaliza anagwira ntchito pashopu ina yokonza mawailesi ndi zokuzira mawu.

Pa 1 Malichi 1983 analembedwa ntchito pakampani imene anakhalapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Tivomere pano kuti ntchito yawo ife abale sitinaimvetse, ndipo sitinayesenso kuimvetsa. Amisiri a magetsi ali ndi mamita awo oyezera mphamvu ya magetsi. Mita nayo imakalamba, imayamba kunama pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Malemu ankayeza mamitawo kuti aone ngati akunena zoona. Yopotoka ankaiwongola, n'kuimata kapepala kobiriwira kokhala ndi tsiku ndi siginecha yawo. Yokanika ankaimata kofiira. Ankagwira m'chipinda chopanda zenera, chimene kutentha kwake sikunkasintha chilimwe ndi dzinja, n'chifukwa chake munkawaona atapachika juzi paphewa dzuwa likuswa mtengo. Amayi awo atamva kuti mwana wawo amawerenga mavolti, muyezo wa mphamvu ya magetsi, anauza anzawo onse kuti amawerenga mavoti, ndipo chisankho chilichonse ankawafunsa kuti awanong'oneze amene wapambana.

Dzina lija linachokera kuntchito komweko. Chipangizo chikangoyatsidwa kumene sichinena zoona, chimafuna theka la ola kapena kupitirira kuti chikhazikike. Mwini mita akamafulumira, galimoto ikulira panja, malemu ankangoti itenthe kaye, manja atapinda. Mawuwo anafika nawo mpaka kunyumba. Mwana akabwera ndi mlandu wa mnzake akupuma mwawefuwefu, ankamukhazika pampando kuti nkhaniyo itenthe kaye. Nthawi zambiri ikamatentha, ana aja anali atayambanso kusewera.

Pa 10 Ogasiti 1985 anamanga banja ndi mayi athu akhala apowa, amene ntchito yawo ndi yosoka. Anakumana malemu atapita kukasoketsa buluku. Mayi akuwayeza m'chiuno, iwo maso anali pa tepi, ndipo anawauza mwaulemu kuti tepiyo yatamuka. Mawa lake anabweranso ndi lula yachitsulo kudzatsimikiza, n'kupeza kuti yatalikadi ndi theka la sentimita. Mayi anawayankha kuti munthu wodziwa kupeza zolakwa za tepi ya eni adziwenso kumene amagulitsa yatsopano. Tepi inagulidwa, buluku linasokedwa, ndipo chaka chisanathe akuluakulu anali atakhala pansi. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi.

Mu 1996 anakwezedwa kukhala woyang'anira chipinda chija, ndipo anapatsidwa udindo wosunga kabokosi kena kamene kuntchitoko ankakatcha Mboni. Kanali kakang'ono, kosaposa buledi, koma ndi kamene kankatulutsa mavolti khumi enieni, osapitirira osaperewera. Mita iliyonse yofika pakampanipo inkaweruzidwa ndi mawu a Mboni. Lamulo lake linali loti kasazime ngakhale tsiku limodzi. Magetsi akathima kankadalira batire yake, chifukwa kakazizira kakhoza kudzuka katasintha mawu. Kamodzi pachaka nakonso kankatumizidwa kutali kukayezedwa ndi akuluakulu ake. Malemu anakasunga zaka khumi ndi ziwiri popanda chovuta, ndipo mayi amati nthawi zina ankachita nako nsanje.

Tsopano tafika pamene pali povuta. Lachisanu pa 15 Febuluwale 2008 kampani inasamutsira chipindacho kunyumba yatsopano. Tsikulo kunali piringupiringu, matebulo panja, mawaya mbwee pansi. Malemu anaika Mboni pashelefu yake n'kuilumikiza kukhoma, osaona kuti khoma limenelo amisiri anali asanalipatse magetsi. Lolemba m'mawa anapeza kanyali kake katazima, batire itatha, kabokosi kali zii ngati mwala wa kumtsinje. Anakayatsanso, anadikira masiku awiri, n'kukayerekeza ndi mita yabwino koposa imene anali nayo, ndipo sanaone kusiyana. Lamulo linkati alembe m'buku, adziwitse abwana, ntchito iime mpaka Mboni ikayezedwe. Koma mamita a anthu anali ataunjikana chifukwa cha kusamukako, ndipo iwo anali munthu amene sanalembedwepo cholakwa chiyambire. Anachita manyazi. Sanalembe, sanauze munthu. Uku ndiko kulakwa kwawo, ndipo sitikubisa, chifukwa iwonso pamapeto pake sanakubise.

Mu Januwale 2009 Mboni inapita kukayezedwa monga mwa nthawi zonse, ndipo mu Malichi inabwera ndi chikalata chonena kuti inasuntha kupitirira malire ololedwa. Kusunthako kunali kochepa kwambiri, koma ena mwa mamita amene malemu ankawongola ndi amene amakayezeranso mamita ena, m'mafakitale ndi m'malo okonzera zipangizo za m'zipatala. Anawerenga m'buku lawo napeza kuti miyezi khumi ndi umodzi imeneyo anasayinira zipangizo 163. Mmodzi wa mabwana anawalangiza kuti angokhala chete, poti palibe akudziwa chimene chinachitika, ndipo zipangizozo zidzabwerabe chaka chamawa n'kuwongoledwa mwakachetechete. Malemu anatha sabata osadya bwino. Pa 6 Epulo analemba kalata ya masamba awiri, yonena tsiku limene Mboni inazima, kuti anaona ndi maso awo, ndiponso kuti anabisa. Anapempha kuti eni zipangizo onse alemberedwe makalata. Kampani inatero, ndipo pa 29 Meyi 2009 iwo anachotsedwa ntchito, osati chifukwa cha kuzimako koma chifukwa cha kubisa.

Mwezi wotsatira anapita kukauza amayi awo, amene pa nthawiyo anali okalamba ndi ovutika kumva. Anakhala nawo pakhonde. Mng'ono wawo anali pomwepo, mlongo wawo wamkulu ali kuseri akutsuka mbale. Anayesa kufotokoza za Mboni, amayi osamva. Anayesa za mavolti, amayi n'kufunsa ngati chisankho chayandikira. Kenako anafuna mawu akumudzi oti nkhalamba imve, ndipo anakweza mawu nati: "Amayi, mukudziwa mmene timanenera kuti sikelo ikuba? Nanenso changa chija chimaba. Ndinadziwa kuti mwina chikuba, koma ndinakhala chete n'kumasayina."

Mawu amene anadutsa khoma n'kufika kuseri anali atatu: kuba, kudziwa, kusayina. Mlongo wawo anauza amuna awo, amuna awo anauza mnzawo m'basi, ndipo lilime lilibe fupa. Sabata isanathe, sikelo inali itagwa m'nkhanimo, atatsala munthu yekha. Amayi awo anamwalira chaka chomwecho mu Disembala, akukhulupirira kuti mwana wawo anagwidwa akuba.

Panali mmodzi amene anamva zonse n'kuzimvetsa, ndiye mng'ono wawo, amene nayenso ndi mmisiri wa magetsi ndipo amadziwa kuti mita kuba n'kutani. Watilola kuti tinene izi. Anthu akamufunsa ngati n'zoona, ankangokweza mapewa n'kunena kuti za kuntchito kwa eni sazidziwa. Akuti kuyambira ubwana achimwene ake ankamukonza pa chilichonse, waya akapinda molakwa, mfundo akamanga mopupuluma, ndipo mumtima munamukomera kuti tsiku limodzi wosalakwa uja walakwa. Ankaganiza kuti nkhaniyo idzazilala yokha pakatha mwezi. Itakula anachita mantha kuti akalankhula adzafunsidwa kumene anali nthawi yonseyi. Enafe sitinamvetse, koma sitinafunsenso. Palibe mmodzi mwa ife amene anakhala nawo pansi n'kunena kuti achimwene, tatiuzani bwinobwino.

Pa zipangizo 163 zija, 152 zinabwerera kukampani chifukwa cha makalata. Khumi ndi chimodzi sizinabwere, poti eni ake ena anasamuka, ena anagulitsa, ena kalata sanaiwerenge n'komwe. Kuyambira mu 2009 mpaka 2011 malemu anayenda okha kuzifunafuna, popanda wowatuma. Ankakwera basi ndi chikwama chawo chakuda, n'kukaima pamageti a eni, chipewa chili m'manja, kudziulula kuti ndi iwo anasayina kapepala kobiriwira kaja ndipo kananama. Ena ankawaseka, ena ankawathamangitsa. Akapatsidwa mita ankaikulunga m'mataulo, n'kugona nayo kunyumba, m'mawa n'kukaipereka pageti la kampani, chifukwa m'kati sankaloledwanso. Amene ankailandira anali mayi amene analowa m'malo mwawo, amene anaphunzitsidwa ntchito ndi iwo omwe. Pa khumi ndi chimodzi zija malemu anapeza khumi. Imodzi sinapezeke, ndipo inawapweteka mtima mpaka kale. Ife tikawaona akutsika basi ndi chikwama cholemera, tinkagwedezana m'nthiti kuti katundu uja wayamba kutuluka.

Mu 2012 akuluakulu a mpingo anawapempha mwaulemu kuti abweze makiyi a chipinda chosungiramo mipando ndi zokuzira mawu, amene anawasunga zaka zambiri. Anati akufuna kupatsako achinyamata mpata. Malemu anawachotsa pa mphete yawo limodzilimodzi, n'kufotokoza loko amene amafuna kumukankha kaye asanatseguke. Akuluakuluwo sitikuwaimba mlandu, pakuti asanatero anafunsa abale, ndipo abale tinayang'ana pansi.

Choipa koposa chinachitika mu Seputembala 2014, pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo uja. Foni ya mayi wa mkwatibwi inasowa. M'holo munali anthu oposa mazana awiri, koma maso onse a banja anapita pa mpando umodzi. Alamu awo anawapempha kuti atsegule chikwama, anthu akuona. Mayi athuwa anaimirira kuti akane, koma malemu anawagwira dzanja. Anatsegula, n'kuyala zinthu patebulo mwandondomeko monga ankachitira kuntchito: magalasi, mpango, kasikuludalaivala kakang'ono, mankhwala a mutu, ndi envelopu ya mphatso ya akwati imene anali asanapereke. Foniyo inapezeka pambuyo pake m'galimoto, pansi pa mpando. Palibe anapepesa. Tinangoti zatha, gule apitirire. Envelopu ija anakaiperekabe asanatuluke.

Mufunsa kuti nanga iwo osadziyankhira bwanji. Mayi amati anawakakamiza kambirimbiri, ndipo malemu anayesapo kawiri. Koma kuti anene kuti sanabe, ankayenera kuyambira pa Mboni ndi mavolti, ndipo womvera ankayamba kuyang'ana kumsewu. Akapirira mpaka pakati, ankafika pa mawu oti ndinabisa, ndipo malemu sankatha kuwadumpha. Womverayo ankagwedeza mutu ngati wamva zimene amayembekeza. Mayi nawonso ankatiuza, koma tinkati mkazi aliyense amaikira kumbuyo mwamuna wake. Ana awo anakula ndi dzina limenelo kusukulu, ndipo mwana wawo wamwamuna ali ndi chipsera pachipumi cha ndewu ya nkhani yomweyi. Zaka zotsalazo malemu ankakonza mawailesi ndi matochi pakhonde pawo. Ntchito yawo inali yabwino, choncho tinkabwera nazo, koma sitinkazisiya. Tinkakhala pabenchi n'kudikira mpaka amalize, ndipo iwo ankadziwa chifukwa chake. Ankatiphikira tiyi.

Mu 2021 anapezeka ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mu Ogasiti 2023 anachita sitiroko imene inafoola dzanja lawo lamanja, ndipo ntchito ya pakhonde inathera pomwepo. Mayi ndi ana anawasamalira mosatopa. Pa 28 Okutobala chaka chino anagonekedwa m'chipatala. Anamwino akutiuza kuti ngakhale lilime linali lolemera, akabwera ndi makina oyezera magazi, malemu ankawatembenuza ndi dzanja lamanzere kufuna kapepala kosonyeza tsiku limene anayezedwa komaliza. Atakapeza ankagwedeza mutu n'kupereka mkono. Anatisiya Lachiwiri pa 12 Novembala 2024, cha m'ma teni koloko m'mawa, ali ndi zaka 67, mayi ali pambali pawo.

Lachitatu abale tinakhala pansi kulemba mbiri ino. Titafika pa 2009 tinalemba mzere umodzi, wakuti anapuma pantchito. Tinkaona ngati tikuwaveka. Titawawerengera mayi, anatifunsa kuti amene tikumuvekayo ndani, malemu kapena ife eni. Madzulo ake kunabwera mayi aja a kukampani, atanyamula kope la kalata ya pa 6 Epulo ndi ndandanda ya zipangizo, mayina khumi atachongedwa ndi dzanja la malemu. Anatiuza kuti kalatayo amaiwerengetsa aliyense woyamba ntchito m'chipinda chija, asanakhudze waya ndi mmodzi yemwe. Anadabwa kumva zimene ife timanena kuno, ndipo anafunsa kuti kodi anaba chiyani. Funso limeneli m'zaka khumi ndi zisanu palibe mwa ife analifunsapo. Pamenepo mng'ono wawo anagwada pakati pa nyumba n'kuulula zimene mwamva zija. Mlongo wawo naye anavomera za kuseri kwa khoma. Tinayamba kupepesa kwa mayi athuwa, koma anatiletsa. Anati: "Pepani wanuyo musandipatse ine m'chipinda muno. Munamunyoza pagulu. Mukamuuze mwini wake pagulu, bokosi lisanatsekedwe."

Malemu asiya mayi athuwa, amene akhala nawo m'banja zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Asiya ana anayi, apongozi atatu ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiyanso alongo awiri ndi mng'ono mmodzi.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi amene akhala nafe pano kuyambira Lachiwiri, adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza, ndi anansi amene mwatibwereka mipando ndi galimoto. Tikuthokoza anzawo a kuntchito amene akhala kumbuyoko, makamaka mayi amene anatibweretsera kalata. Nonse amene munamva kwa ife kuti a Itenthe Kaye anaba, dziwani kuti wonama ndife. Ngati munauzako wina, chonde mukafika kwanu mukamuuzenso izi, ngakhale zikhale zotalika kufotokoza.

Tsopano ndipempha abale onse a malemu kuti tiimirire, alongo, mng'ono, alamu, asuweni ndi ana athu. Mayi ndi ana awo akhale pansi.

Achimwene, malume, alamu athu, simunabe kanthu. Munalakwa kamodzi, munanena nokha, ndipo munayenda ndi miyendo yanu kukakonza. Ife tinakulakwirani zaka khumi ndi zisanu, ndipo tabwera kudzanena inu simungathenso kutiyankha. Pepani.

Mzimu wanu uuse mumtendere.